Msampha m'Chisa cha Nkhuku

Banja langa litatha ndinabwerera kwa bambo anga, kumudzi kwathu kufupi ndi Nkopola, mwana ali kumsana, zovala zathu zili m'thumba la saka. Mayi anali atamwalira kale. Achimwene anga anali ku Chembe, kumene ankapha usipa, ndipo ankabwera mwa kamodzikamodzi. Pakhomo ndinapeza bambo okha ndi nkhuku zawo. Sanandifunse chimene chinathetsa banjalo. Anangondilozera chipinda chimene ndinkagona ndili mtsikana, n'kundiuza kuti mwanayo akamalira ndizimutontholetsa msanga chifukwa phokoso limasiyitsa nkhuku kuikira.

Bambo anagwirapo ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina ya fodya cha ku Namwera. Ntchitoyo anapuma, koma ukapitawo sunawachoke m'thupi. Anthu oti aziwalamula atasowa, anatembenukira ku nkhuku ndi kwa adani a nkhuku. Ankaweta za mikolongwe, zakuda zija, ndipo mazira ake ankakapereka kukhitchini ya hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Khola analimanga m'mwamba, pa nsanamira za tsanya, lokwera ndi makwerero, denga lake lotsika moti munthu wamkulu ankalowamo chokwawa. Pansi pake panali bwalo lozunguliridwa ndi mpanda wa bango, mmene nkhuku zinkapalasa masana. Nkhuku ikadwala ankaifukata pachifuwa n'kumaimwetsa madzi ndi chala, akuilankhula ndi mawu ofewa amene ine sindinawamvepo pa ubwana wanga wonse.

Malo athu anali oipa kwa munthu woweta nkhuku. Kumunsi kwa nyumba kunali dambo la bango lotsikira kunyanja, ndipo m'menemo munkachokera ng'azi, zina zazitali kuposa mpini wa khasu, zomwe zinkameza mazira athunthu ndi anapiye omwe. Kumtunda kunali phiri la miyala, kwawo kwa avumbwe ndi alikongwe. Kumwamba kunali akabawi. Bambo ankachidziwa chilombo chilichonse ndi mapazi ake pamchenga, ndipo m'mawa uliwonse ankazungulira mpanda atawerama ngati munthu wotaya singano.

Akagwira chilombo sankangochipha ayi. Nditangofika kumene, kabawi anakodwa m'chingwe chimene anatchera pafupi ndi anapiye. Bambo anamutambasula mapiko pathabwa, anawakhomera ndi misomali ali wamoyo, thabwalo n'kuliimika pamwamba pa khola kuti anzake aone. Inali nyengo ya dzuwa lootcha lija mvula isanagwe. Mbalameyo inkatembenuza mutu uku ndi uku, kukamwa kuli yasa, ana a m'mudzi akubwera kudzaigenda. Nditawapempha kuti angoimaliza, anandiyankha kuti chilombo chikafa msanga sichiphunzira kanthu. Likongwe wina anamumanga ndi waya m'chiuno n'kumupachika panthambi ya mango yodzaza nyerere zoluma zija. Anthu a m'mudzi ankaseka n'kumati nkhuku za bambo zili ndi chitetezo choposa cha bwanamkubwa wa kuboma.

Zinali zaka zija za nkhondo ya ku Mozambiki. Anthu ankawoloka malire cha ku Chiponde atasenza timitolo, ndipo ambiri anakhazikika m'midzi ndi m'misasa ya kumtunda, kufupi ndi Namwera, kumene ankalandira ufa ndi nyemba. Ena ankatsetsereka mpaka kunyanja kudzafuna ganyu. Tinazolowera kuwaona akuyenda m'mbali mwa msewu, opanda nsapato, akuima pakhomo lililonse lokhala ndi malata.

Mayi amene ndikufuna kunena anafika pakhomo pathu m'mawa wina ndikuchapa matewera. Anali wa msinkhu wanga, wamtali, wowonda, atafunda chitenje kumutu monga amachitira amayi a Chisilamu. Anali ndi mwana wamkazi wa msinkhu woguluka mano akutsogolo. Chichewa ankachidziwa pang'ono. Ankalankhula Chiyao, chomwe bambo anachiphunzira kuesiteti ndipo ine ndinkachimva monga aliyense wokulira ku Mangochi. Za moyo wake ndinazimva pambuyo pake, pang'onopang'ono, tikamatunga madzi. Kwawo kunali cha ku Mandimba. Mwamuna wake anatengedwa ndi anthu a mfuti kuti akawasenzere katundu, ndipo sanabwerenso. Ku Namwera anakhala ndi mlamu wake, yemwe ankawalanda chakudya chimene ankalandira ndiponso ankafuna kumulowa chokolo mokakamiza. Ndiye anathawanso kachiwiri, ulendo uno kuthawa wachibale.

Bambo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ankaonera anthu ofuna ntchito kuesiteti. Anamuuza kuti angathe kukhala m'kashedi kosungiramo madeya ndi makasu, komwe kanagundana ndi mpanda wa nkhuku, ndipo azilandira ufa ndi ndiwo. Ntchito yake ikhala imodzi yokha: nkhuku isasowe, ngakhale mwanapiye. Anawonjezera kuti akadzachita mwano, iwo akudziwa kokanena kuti pali munthu wothawa kumsasa, ndipo adzabwezedwa kumene wachokera atamangidwa manja. Sindikudziwa ngati zimenezo zikanathekadi, koma mayiyo anakhulupirira. Anagwada nati, "Zikomo, atati." Bambo sanamutchulepo dzina ngakhale tsiku limodzi. Kwa iwo anali "iwe", ndipo mwanayo anali "kanthu kako".

Kashediko kanali ndi utitiri wa nkhuku, moti pasanapite nthawi miyendo ya mwanayo inali zilonda zokhazokha. Koma mayiyo anagwira ntchito ngati kholalo ndi lake. Anakumba ngalande kuzungulira mpanda wonse n'kuthiramo miyala ndi mabotolo osweka amene ankakatola kudzala la kuhotela, kuti chokumba pansi chisalowe. Anakadula minga kuphiri n'kuiyala kunja kwa mpanda. Anakapempha ukonde wakutha kwa asodzi, anausoka m'mabowo, n'kuukunga pamwamba pa bwalo la anapiye. Mwanayo anapatsidwa chitini ndi kamtengo. Ankakhala padzuwa tsiku lonse maso ali kumwamba, ndipo akaona kabawi akuzungulira ankamenya chitinicho mpaka nkhuku zitabisala. Anthu odutsa akamayamikira mpandawo, bambo ankati ndi nzeru za kuesiteti.

Ngakhale zinali choncho, zilombo sizinaleke. M'mawa wina tinapeza vumbwe atang'amba udzu wa padenga n'kupha nkhuku zitatu. Imodzi anapita nayo, ziwiri anazisiya atazilumaluma pakhosi. Bambo anazinyamula ndi miyendo n'kukaziponya pakhomo pa kashedi, nati zimenezo ndiye ndiwo za mayiyo ndi mwana wake, nyemba sapatsidwanso mpaka nkhukuzo zitatha. Mayiyo anayankha motsitsa mawu kuti iwo sadya chibudu, nyama yofa yosazingidwa. Bambo ankadziwa bwino zimenezo, poti anakhala pakati pa Asilamu moyo wawo wonse.

"Njala ikakugwira bwino udzadya," anatero. "Ukanakhala maso, zikanafa?"

Nkhukuzo zinakhala pomwepo mpaka ntchentche zinazipeza. Mwanayo ankaziyang'ana akumeza malovu, mayi ake akumukokera m'kati. Kenako bambo anandiuza kuti ndizisosole ndiphike adye iwo eni, koma nyemba sanaperekebe. Kuyambira pamenepo linakhala lamulo kuti nkhuku ikafa, ndiwo zimaima. Mayiyo ndi mwana wake ndinkawapatsira usipa pang'ono popita kumadzi, nditaubisa m'ndowa, koma bambo ankayang'ana chilichonse cha m'nyumba, ndipo inenso ndinali wongosungidwa, wobwerera kubanja ndi mwana. Masiku ambiri awiriwo ankadya phala la madeya a nkhuku omwe aja, ndiwo zake masamba othyola kudambo.

Kumadzi n'kumene mayiyo ankamasuka. Ankandilanda mwana wanga n'kumusambitsa iye, akumuimbira tinyimbo ta kwawo, ndipo ankandiseka kuti ndimabereka mwana ngati mtolo wa nkhuni. Ankandifotokozera za munda wawo wa chinangwa ndi za abakha amene anawasiya akuyendayenda pabwalo tsiku limene anathawa. Koma sankachedwa. Akangodzaza ndowa ankacheukira kunyumba, khutu lili tcheru kumvera chitini.

Mvula itayamba, mazira anayamba kusowa. Bambo anali ataletsa kale kuti wina aliyense asamagwire zisa, ndipo otolera mazira anali iwo okha. Tsiku lina anapeza zisa zina zilibe kanthu. Mayiyo anawaonetsa mzere wa mchira wa ng'azi pamatope, ndi pamene madzi a mvula anakokolola miyala ya m'ngalande n'kusiya mpata pansi pa mpanda. Bambo anafufuta mzerewo ndi nsapato. Anati ng'azi yake ili ndi miyendo iwiri ndipo imamenya chitini.

Anaitana mwanayo, anasungunula mchere wambiri m'kapu ya madzi, n'kumuuza kuti amwe. Mwanayo anayang'ana mayi ake. Mayi ake anagwada akupepesa m'Chiyao, akuti madziwo amwe iwowo m'malo mwa mwanayo. Bambo anamutsina mphuno mwanayo n'kumuthira madziwo kukhosi mpaka anayamba kusanza. Kenako anatola kamtengo n'kumafukula masanziwo pamchenga, kufunafuna zachikasu za dzira. Munali madeya ndi timasamba ta bonongwe basi. Anataya kamtengoko nati mwina anadya dzulo.

Pakati pa katundu amene bambo anabwera naye kuchokera kuesiteti panali msampha wachitsulo, wa mano ngati a sowo, umene azungu ankatchera nkhandwe. Unkakhala pansi pa bedi lawo, ndipo ndinali ndisanauonepo utatcheredwa. Tsiku lina ndinawapeza akuupaka mafuta a njinga, koma nditafunsa anati akungouchotsa dzimbiri. Sanauze munthu kuti autchera m'khola. Anauika m'chisa cha pakona, anaufotsera ndi udzu, kuseri kwake anaikako mazira angapo, unyolo wake n'kuumangirira kunsanamira. Kutsogolo kwa chisacho anakhomako thabwa, n'kusiya kampata kakang'ono koti nkhuku singalowe. Zonsezi ndinaziona pambuyo pake, pamene ndinkazula thabwalo.

Tsiku lakelo bambo anamanga mazira panjinga n'kupita kuhotela dzuwa litakwera. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikuyanika zovala. Ndinamva nkhuku zikutetera zonse pamodzi, chitini chikulira, mwanayo akukuwa kuti ng'azi, ng'azi. Pamene ndinkafika, mayiyo anali atakwera kale makwerero, musi uli m'manja. Ng'aziyo inatulukira pakhomo pa khola n'kudzigwetsa pansi, kukamwa kuli noninoni ndi dzira, inakwapula mchira, n'kudutsa pansi pa mpanda kulowera kudambo. Ndinaiona ndi maso angawa.

M'kholamo mazira anali atamwazika, ena osweka, ena athunthu, ndipo nkhuku zodzidzimukazo zinkapondaponda paliponse. Mayiyo ankadziwa kuti osweka akachuluka, ndiwo ziimanso. Anatola athunthuwo n'kuyamba kufunafuna powabisa. Anaona chisa chotchingidwa ndi thabwa chija, mazira ena akuonekera m'kati, n'kuganiza kuti ndi malo amene bambo akonza kuti mazira azisungika bwino. Analowetsa dzanja lamanja, mokakamiza chifukwa mpatawo unali wothina.

Ndinamva kulira kwa chitsulo, kenako kubuula kumodzi kokha, ngati kwa munthu womenyedwa pamimba. Nditakwera ndinamupeza atagona chammbali pazitosi, dzanja lili m'kati mwa kampata kaja. Ndinathamangira khasu n'kuzula thabwalo. Mano a msampha anali atalowa pakati pa chikhatho ndi zala, ndipo zalazo zinali zitapindikira kumene zala sizipindikira. Kuti msamphawo utseguke pankafunika munthu wolemera aponde chitsulo cha m'mbali mwake ataimirira, koma m'kholamo munalibe poimirira. Ndinayesa ndi bondo, ndinayesa ndi manja onse awiri. Manowo ankatseguka pang'ono n'kubwereranso, ndipo nthawi iliyonse mayiyo ankaluma chitenje chake. Pomaliza anati, "Achemwali, siyani. Kaitaneni mwamuna."

Amuna ambiri anali kunyanja. Ndinathamanga khomo ndi khomo mwana ali kumsana, n'kumapeza amayi okhaokha, mpaka mmodzi wa iwo anatuma uthenga kugombe kukaitana amuna ake, bambo wina wachikulire wosema mabwato. Pobwerera ndinapeza njinga ya bambo itatsamira pamtengo wa mango. Iwo anali ataima pansi pa makwerero, akusuzumira m'khola, manja ali kumbuyo.

Ndinawauza zonse, kuti ng'azi ndaiona ndekha, kuti mayiyo amapulumutsa mazira. Sanandiyang'ane n'komwe. Anandituma mpando ndi madzi akumwa. Nditakana, anakatenga okha mpandowo, anauika moyang'anizana ndi khola, nakhala pansi.

"Musamutsegule," anauza amayi amene anayamba kusonkhana. "Ndakhala ndikunena kuti pakhomo pano pali wakuba, anthu n'kumati ndine wankhanza. Bwerani mudzaone nokha. Itanani ndi anzanu."

Anthu anabweradi. Ena ankakwera makwerero kukasuzumira, n'kutsika akupukusa mutu. Panali anyamata amene ankaseka, akuti ng'azi ya ku Mozambiki yavala chitenje. Amayi ena ankang'ung'udza chapansipansi kuti izi si zochitira munthu mnzako, koma bambo anali munthu woopedwa, ndipo palibe anafuna kukhala woyamba kuwatsutsa pakhomo pawo. Magazi ankadontha kudzera m'mipata ya mitengo ya pansi pa khola, nkhuku n'kumathamangira kudzajompha pamene adonthera. Mayiyo sanalire. Anangopempha kuti wina amuchotsepo mwana wake, yemwe anali atakumbatira makwerero, chitini chikadali m'manja. Ndinayesa kumunyamula koma anakakamira ngati nkhupakupa.

Wosema mabwato uja anafika kasemasema ali paphewa. Sanapereke moni kwa bambo. Anasuzumira kamodzi, anadula zingwe za denga ndi kasemasemayo, anakankhira udzu kumbali kuti apeze poimirira, n'kuponda chitsulocho. Pamene ankamutsitsa mayiyo, bambo anadzuka pampando n'kunena kuti amene waphwasula dengalo alifolere yekha dzuwa lisanalowe.

Njinga anakana nayo. Anati wakuba sakwera njinga yawo, ndipo mchere ndi palafini n'zokwanira. Mayiyo nayenso ankaopa chipatala, poganiza kuti akamufunsa kumene akuchokera n'kumubweza kumtunda. Tinamumanga ndi nsalu, ndipo mkazi wa wosema mabwato anabweretsa mankhwala a masamba. Dzanjalo linatupa mpaka m'chigongono, zala zinada, fungo n'kuyamba kumveka kunja kwa kashedi. Bambo anadandaula kuti fungolo liitana afisi pafupi ndi nkhuku zawo. Tsiku limene mayiyo anayamba kubwebweta ndi kutentha kwa thupi, ine ndi mkazi wa wosema mabwato tinamunyamula mpaka kumsewu n'kuimitsa lole ya nsomba yopita kuboma. Mwanayo bambo anamukaniza kupita. Anati nkhuku sizingakhale zopanda mlonda.

Kuchipatala anamudula zala zitatu za pakati, kunatsala chachikulu ndi chaching'ono. Namwino atafunsa chimene chinachitika, mayiyo anayankha ine ndisanatsegule pakamwa kuti anagwidwa ndi msampha wa alenje akutola nkhuni kuphiri. Anandigwira chitenje ndi dzanja labwinolo kuti ndikhale chete. Namwino atachoka ndinamufunsa chifukwa chake, ndipo anangondikumbutsa kumene mwana wake anatsala. Kenako anakweza dzanja la bandeji lija.

"Kampata kaja, achemwali, munakaona?" anatero. "Dzanja langa linalowa movutikira. Sikanali ka ine kaja. Bola zagwera ine."

Ndinamusiya m'manja mwa mkazi wa wosema mabwato n'kubwerera kumudzi chifukwa cha mwanayo. Ndinamupeza pamalo pake padzuwa, milomo itang'aluka. Bambo anali atautcheranso msampha uja, ulendo uno pansi pa mpanda, pomwe paja mayiyo anawalozera kuti madzi akokolola miyala. Sunachedwe kugwira ng'azi mwendo wakumbuyo. Bambo anaikokera pabwalo ndi unyolo womwewo, anaitana mwanayo kuti aime pafupi aone zimene zimachitikira odya mazira, anaithira palafini n'kukhwatcha machesi. Ng'aziyo inazungulirazungulira kunsonga kwa unyolo ikuyaka, mchira ukukwapula dothi. Mwanayo atatseka maso, bambo anamumenya khofi kuti atsegule. Mazira analeka kusowa. Bambo sananenepo kanthu za zimenezo, ndipo m'mudzi nkhani inakhalabe yoti anagwira wakuba.

Kuyambira tsiku limenelo mwanayo anasiya kulankhula nane. Ndinkamutengera m'chipinda changa, ndinkamutsuka zilonda za m'miyendo, iye n'kumangondiyang'ana. Chitini chokha ndi chimene ankamenya, nthawi zina ngakhale kumwamba kulibe kabawi.

Mayiyo atatuluka m'chipatala anafika pakhomo dzanja lili m'nsalu yokoleka m'khosi. Bambo anali akudyetsa nkhuku. Anamuuza asanakhale n'komwe pansi kuti munthu wa dzanja limodzi sangaluke bango kapena kusoka ukonde, ndipo kashediko akufuna kusungiramo anapiye atsopano. Mayiyo sanatsutse. Analowa, anamanga kamtolo kake ndi dzanja limodzi ndi mano, natuluka. Bambo anamuimitsa pakati pa bwalo n'kumuuza kuti amasule, aone ngati sanatengemo kanthu. Anafukula ndi phazi. Munali poto wopanda chogwirira, chitenje chong'ambika, diresi la mwanayo ndi kamkanda kopempherera. Anatolamo supuni imene ndinawapatsa ine, anaiika m'thumba la malaya, nabwerera kunkhuku zawo. Mayiyo anagwada pamchenga kuti amangenso kamtoloko. Nditawerama kuti ndimuthandize, mwanayo anandikankha dzanja.

Mkazi wa wosema mabwato anali ndi abale ku Chembe, ndipo anatumiza mayiyo ndi mwana wake kumeneko. Achimwene anga akabwera ankandiuza kuti amamuona mayiyo pathandala akutembenuza usipa, ndipo kenako anayamba kupikula wochepa n'kumakagulitsa yekha kuboma. Bambo anapeza banja lina la othawa nkhondo, mwamuna ndi mkazi okalamba, n'kuwaika m'kashedi komwe kaja. Anapiye atsopano aja sanabwere. Nkhuku zinachuluka, ndipo hotela inanso inayamba kutenga mazira kwa iwo. Nkhani ya wakuba wogwidwa m'chisa ankaikonda pamaukwati ndi pazinkhoswe. Ankaifotokoza akutsanzira ndi manja mmene msampha unatsekera, anthu n'kumaseka, ena mwa iwo omwe aja anaima pabwalo tsiku lija. Ine ndinakhala pakhomopo mpaka nditapeza ntchito yochapa kuhotela ndi kanyumba kangakanga.

Komaliza kuwaona mayi uja ndi mwana wake kunali pamsika wa kuboma, nkhondo itatha, anthu ambiri atayamba kubwerera kwawo ku Mozambiki. Ndinapita kukagula nsalu ya yunifolomu ya mwana wanga, yemwe ankayamba sukulu. Ndinamva wina akuti "achemwali", ndipo nditacheuka ndinamuona atakhala kuseri kwa mulu wa usipa, atanenepako, dzanja lija ataliphimba ndi nsonga ya chitenje. Anandifunsa za mwana wanga, ngati akukula bwino, ngati ndinakwatiwanso. Anati akuganiza zobwerera ku Mandimba mvula ikatha, akaone ngati munda wawo ulipobe. Za bambo sanafunse.

Pambali pake panali mtsikana wamtali, wofunda mpango, akuyeza usipa m'kambale n'kumathira m'mapepala. Sindikanamuzindikira. Mayi ake anamuuza kuti andipatse moni, ndipo anandipatsa, mwaulemu wake wonse, m'Chichewa chosalala ngati cha mwana wobadwira kugombe kwathu. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Agogo aja akadali moyo?"

Ndinati inde, ali moyo, ali bwinobwino. Anagwedeza mutu pang'ono n'kutembenukira kwa munthu amene ankafunsa mtengo wa usipa.